Nanga amene sanafe tsiku la bomba?

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse ndi ana anga a Fomu 4, ndimalemba masiku awiri pabolodi: 6 August 1945, Hiroshima, 9 August 1945, Nagasaki. Pansi pake ndimawonjezera kuti pa 15 August mfumu ya Japan inalengeza kugonja. Ana amakopera, belu amalira, nkhondo yatha. Ndakhala ndikuchita chonchi zaka zambiri popanda wodandaula, paja mayeso safunsa zoposa pamenepo.

Teremu yathayi mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene kawirikawiri sayankhula, anakweza dzanja. Anati, "Aphunzitsi, nanga amene sanafe tsiku limenelo, anadzafa ndi bomba lomwelo kapena anafa imfa yawo?" Ndinayankha mmene timayankhira aphunzitsi tikagwidwa modzidzimutsa, kuti ambiri anadwala khansa. Iye anabwezanso funso, "Angati?" Apa ndiye ndinakanda m'mutu. Ndinamulonjeza kuti ndikafufuza, ndipo zimene ndikulembazi ndikubweza ngongole imeneyo. Pepani, nkhaniyi yatalika.

Tiyambe ndi chimene chimavuta pa funsoli. Bomba la atomu limapha m'njira zitatu: moto, chimphepo chogumula nyumba, ndi cheza chosaoneka chimene pa Chingerezi amati radiation. Chezachi chilibe fungo, sichipweteka pamene chikulowa, chimangobooleza m'thupi ngati cha X-ray ya kuchipatala, n'kumawononga malangizo amene ali mkati mwa maselo. Chikachuluka munthu amafa m'masabata ochepa, tsitsi likuthothoka, nkhama zikutuluka magazi. Ambiri mwa anthu pafupifupi 140,000 amene anali atafa ku Hiroshima pofika kumapeto kwa 1945, ndi ena oposa 70,000 ku Nagasaki, anaphedwa ndi moto, nyumba zowagwera ndi matenda achangu amenewa. Koma chikachepa munthu amadzuka bwinobwino, amakwatira, amalima. Selo lowonongeka lija limadzikonza molakwika, n'kukhala phee zaka khumi, makumi awiri, makumi asanu.

Tsono khansa yoyamba ndi cheza ilibe chizindikiro chakechake. Dokotala akaiunika, imafanana ndendende ndi khansa ya munthu amene sanapondeko ku Japan. Ndiponso pa gulu lililonse la anthu okalamba, ambiri amadwala khansa ngakhale bomba lisanawagwere. Njira yokhayo yodziwira n'kuwerenga: kutenga anthu ochuluka zedi, kudziwa cheza chimene aliyense analandira, kuwatsatira mpaka kumanda, kenako kuyerekeza amene anali pafupi ndi amene anali kutali. Kunena n'kosavuta. Kuchita kwake kwatenga zaka zoposa 75 ndipo sikunathe.

Mu November 1946 pulezidenti Harry Truman anavomereza kuti pakhale kafukufuku wa nthawi yaitali pa opulumuka, ndipo mu 1947 bungwe la Atomic Bomb Casualty Commission, mwachidule ABCC, linayamba ntchito ku Hiroshima, chaka chotsatira ku Nagasaki. Ndalama zake zinkachokera ku Atomic Energy Commission, nthambi ya boma la America imene inkayang'aniranso ntchito yopanga mabomba. Taganizani pamenepo. Ogwira ntchito ambiri anali Ajapani, koma akuluakulu anali Aamerika, ndipo nyumba zawo anazimanga pamwamba pa phiri la Hijiyama, poyang'ana pansi mzinda umene dziko lawo linauotcha.

Chimene chinawawa anthu kwambiri chinali chakuti ABCC inali ndi mfundo yopima koma osachiza. Galimoto inkabwera kudzatenga munthu kunyumba, mwana kusukulu. Ankamuvula, kumujambula zipsera, kumutenga magazi, kenako kumubweza kwawo wopanda mankhwala. Munthu akamwalira, ankabwera kudzapempha mtembo kuti aung'ambe. Zifukwa zimene ankapereka zinali zakuti madokotala a ku America alibe chilolezo chochiritsa ku Japan, komanso safuna kulanda ntchito madokotala a mumzinda. Wolemba mbiri Susan Lindee, m'buku lake la 1994 lotchedwa Suffering Made Real, anaonetsa chifukwa china chimene sichinkanenedwa poyera: kuchiza opulumuka kukanaoneka ngati kupepesa, ndipo America sinkafuna kuvomera kuti pali chopepesa. Madokotala ena a bungweli ankathandiza odwala mwakachetechete, izi n'zoona, koma mbiri inali itaipa kale. Anthu ankati akusandutsidwa nyama zoyeserapo. Onjezani kuti pa zaka zimene asilikali a America ankalamulira Japan, kuyambira 1945, nyuzipepala sizinkaloledwa kulemba momasuka za zotsatira za bomba. Munthu ankadwala, osadziwa chimene akudwala, ndipo amene ankamupima samamuuza.

Choyamba chimene ofufuza anathamangira sichinali khansa ayi. Mantha aakulu a nthawi imeneyo anali pa ana odzabadwa, kuti mwina opulumuka azidzabereka ana opunduka mibadwo ndi mibadwo. Njira imene James Neel ndi anzake anapezera amayi oyembekezera imandichititsa chidwi. Nkhondo itatha chakudya chinali chosowa ndipo boma linkagawa ndi makadi. Mayi akafika mwezi wachisanu ankakalembetsa kuti azilandira chakudya chowonjezera. Pa ofesi yomweyo ofufuza ankamulemba dzina, ndipo azamba ankadzapereka lipoti mwana akabadwa. Kuyambira 1948 mpaka 1954 anapima makanda pafupifupi 77,000. Zotsatira zake: sanapeze umboni woti ana amene mimba zawo zinatengedwa bomba litaphulika kale ankabadwa ndi zilema kuposa ana ena. Kafukufuku wa ana a opulumuka akupitirirabe, ndipo mpaka pano sanaonetse kuchuluka kwa khansa mwa iwo. Ana amene anali kale m'mimba tsiku la bombalo ndi nkhani ina. Amene anali pafupi, makamaka pa masabata 8 mpaka 15 a mimba, ena anabadwa ndi mitu ing'onoing'ono ndi ubongo wosakula bwino.

Koma mphekesera ili ndi miyendo yaitali kuposa lipoti la asayansi. Opulumuka, amene pa Chijapani amatchedwa hibakusha, ankakanidwa ukwati ndi ntchito. Ambiri anabisa mbiri yawo ngakhale kwa ana awo. Ife amene tinaona mmene anthu ankasalidwira Edzi itangofika sitifunika kufotokozeredwa zambiri apa.

Khansa yoyamba kuonekera inali ya m'magazi, leukemia. Amene anayamba kuizindikira sanali akuluakulu a paphiri paja koma dokotala wa pachipatala cha Red Cross ku Hiroshima, Takuso Yamawaki, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 anaona kuti odwala matendawa akuchuluka modabwitsa. Mu 1952 iye ndi madokotala awiri a ABCC anasindikiza lipoti lotsimikiza zimenezi. Matendawa anayamba kukwera patapita zaka ziwiri kuchokera tsiku la bomba, anafika pachimake patapita zaka 6 mpaka 8, kenako n'kuyamba kutsika. Ana ndi amene anakhudzidwa kwambiri. Mmodzi mwa iwo ndi Sadako Sasaki, amene anali ndi zaka ziwiri bomba likugwa, kunyumba kwawo pa mtunda wosakwana makilomita awiri. Anakula wathanzi, katswiri wothamanga pasukulu pake. Kumayambiriro kwa 1955 anagonekedwa m'chipatala, kumene ankapinda mbalame zamapepala, ndipo anamwalira pa 25 October chaka chomwecho ali ndi zaka 12. Ndikamawerenga za iye ndimaona ana a Sitandade 6.

M'zaka zoyambazo ntchito ya ABCC inali yobalalika. Madokotala ambiri ochokera ku America ankabwera, kukhala zaka ziwiri, kufufuza zowakonda, n'kubwerera. Mu 1955 anatumiza komiti yotsogozedwa ndi Thomas Francis, yemwe uja anali atangomaliza kuyang'anira kuyesa katemera wa poliyo wa Jonas Salk. Malangizo ake anali osavuta kumva: sankhani gulu limodzi lokhazikika, musalisinthe, litsatireni mpaka womaliza atamwalira. Mwamwayi, pa kalembera wa dziko lonse wa 1950 boma la Japan linali litafunsa anthu ngati anali m'mizinda iwiriyo tsiku la bomba, ndipo anapezeka pafupifupi 284,000. Kuchokera pamenepo anasankha anthu pafupifupi 94,000, ena apafupi ena akutali, n'kuwonjezerapo ena 27,000 a m'mizinda yomweyo amene tsikulo anali atachokapo. Onse pamodzi ndi anthu ngati 120,000, ndipo kafukufukuyu amatchedwa Life Span Study.

Chimene chinatheketsa ntchitoyi ndi chinthu chosasangalatsa kumva: kaundula. Ku Japan banja lililonse lili ndi kaundula wa boma wotchedwa koseki, mmene mumalembedwa kubadwa, ukwati ndi imfa. Munthu angasamukire ku Tokyo kapena ku Osaka, akamwalira uthenga umabwerera ku kaundula wa kwawo, ndipo ofufuza amakapeza chikalata chonena chimene chinamupha. Mu 1957 ndi 1958 mizinda iwiriyo inayambitsanso makaundula a odwala khansa. Popanda makalaliki amenewa, amene mayina awo sadzapezeka m'buku lililonse la History, funso la mwana wanga uja likanakhala lopanda yankho.

Panatsala vuto lalikulu koposa onse. Palibe amene anali ndi chipangizo choyezera cheza m'thumba mmawa wa pa 6 August. Nanga udziwa bwanji kuti mayi uyu analandira chochuluka bwanji? Apa ndi pamene ndinasiya kuwerenga ngati mphunzitsi wofuna yankho, n'kuyamba kuwerenga ngati mwana womvera nthano.

Anayamba ndi kupeza malo enieni pamene bomba linaphulikira. Kuwala kwake kunawaula miyala ndi makoma, n'kusiya zithunzithunzi pamene panali chotchinga. Potsata mizere ya zithunzithunzizo kuchokera mbali zosiyanasiyana za mzinda, anapeza pamene ikukumana, mamita pafupifupi 600 m'mwamba. Kenako anayenda khomo ndi khomo kufunsa opulumuka masauzande ambiri: munali kuti? M'nyumba kapena panja? Chipinda chiti? Munaima kapena munakhala pansi, mutayang'ana kuti? Pakati pa inu ndi kuwalako panali khoma, denga, mtengo? Ankajambula mapu a nyumba ya aliyense ndi nyumba zoyandikana nazo, nyumba zimene zinali zitapsa kale.

Funso lotsatira linali lakuti nyumba yamatabwa ya Chijapani imatchinga cheza chochuluka bwanji. Kuti adziwe, Aamerika anamanga nyumba za Chijapani m'chipululu cha Nevada, kumene ankayesera mabomba awo, n'kuikamo zipangizo zoyezera. Mu 1962 anamanganso nsanja yachitsulo yotalika mamita 465, n'kukweza pamenepo kachipangizo kanyukiliya kosatchinga kuti kaziwalira nyumbazo kuchokera kumwamba ngati bomba. Asayansi a ku Japan nawo anatola matailosi a madenga ndi njerwa za m'mabwinja. Dongo lowotcha limasunga mphamvu ya cheza, ndipo ukalitenthetsanso limatulutsa kuwala kofanana ndi kuchuluka kwa chimene linalandira. Ndiye kuti denga la nyumba linasanduka mboni.

Ndi zonsezi, masamu oyamba anali olakwika ndithu. Miyezo ya 1965 inagwira ntchito zaka zambiri, kenako anatulukira kuti mtundu wina wa cheza ku Hiroshima anauchulukitsa kwambiri. Anawerengeranso zonse mu 1986, n'kukonzanso mu 2002. Nthawi iliyonse nambala ya munthu aliyense m'gulu lija inasintha, ndipo ziwerengero zonse za khansa anaziwerengeranso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Muyezo wa cheza cholowa m'thupi umatchedwa gray. Kuti mumvetse kukula kwake, gray mmodzi ali ngati kujambulidwa X-ray ya pachifuwa ka 10,000 kapena kuposa, ndipo ma gray anayi kapena asanu pathupi lonse amapha theka la anthu ngati salandira chithandizo. Ku Hiroshima munthu woima panja pa kilomita imodzi analandira opitirira anayi. Pa makilomita awiri analandira osakwana gawo limodzi mwa magawo khumi a gray mmodzi. Kusiyana kwa moyo ndi imfa kunali mtunda umene ana athu amayenda popita kuchigayo.

Tsopano yankho. Pa khansa ya m'magazi, kuyambira 1950 mpaka 2000, mwa opulumuka 49,204 amene analandira cheza choyezeka, 204 anafa ndi matendawa, ndipo ofufuza amawerengera kuti 94 mwa imfa zimenezi sizikanachitika pakanapanda bomba. Khansa zina, za m'mimba, m'mapapo, m'mawere, pachithokomiro ndi zina, zinachedwa. Zinayamba kuonekera patapita zaka ngati khumi, ndipo mosiyana ndi ya m'magazi, sizinatsikenso. Lipoti la 2017, lotsatira anthu 105,444 kuyambira 1958 mpaka 2009, linapeza odwala khansa zotere 22,538. Mwa amenewa, 992 ndi amene akuwerengeredwa kuti anadwala chifukwa cha cheza cha bomba.

Ndivomere kuti nditaona nambala imeneyi ndinaiwerenga kawiri. Ndinkayembekezera masauzande makumimakumi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza ana ngati kuti aliyense wopulumuka anadzafa ndi khansa, ndipo si zoona. Ambiri anakalamba n'kufa ndi matenda a ukalamba, ena akadali moyo. Komatu nambalayi isatipusitse. Ndi ya gulu la kafukufuku lokha, osati opulumuka onse. Ndiponso yachepa chifukwa amene analandira cheza chochuluka ambiri anafa mu 1945 momwemo, otsalawo ambiri anali akutali. Kwa amene anali pafupi n'kupulumuka, chiopsezo n'chachikulu: munthu amene analandira gray mmodzi ali ndi zaka 30, pofika zaka 70 chiopsezo chake chodwala khansa chimakhala chitakwera ndi pafupifupi theka. Kwa amene anali ana chimakwera kuposa apo, kwa akazi kuposa amuna. Ndipo chimakwera motsatira muyezo, cheza chikawirikiza chiopsezo chowonjezeracho chimawirikizanso.

Kafukufukuyu ali ndi mabowo, ndipo eni ake sabisa. Gulu linayamba kuwerengedwa mu 1950, choncho zaka zisanu zoyamba, zimene ofooka ambiri anafa, mulibe. Dokotala wa ku Oxford, Alice Stewart, anakangana nawo zaka zambiri pa mfundo imeneyi, kuti amene anafika 1950 anali olimba kuposa anthu wamba, ndiye chiopsezo chikuoneka chochepa. Mayi ameneyu si womunyoza: ndi iye amene mu 1956 anaonetsa kuti kujambula X-ray mayi woyembekezera kumawonjezera khansa mwa mwana, ndipo anzake anatenga zaka zambiri asanamukhulupirire. Anthu a ku Korea, amene masauzande ambiri anali ku Hiroshima, ena atatengedwa mokakamiza kudzagwira ntchito, ambiri anabwerera kwawo ndipo sanawerengedwe. Anthu a m'midzi imene munagwa mvula yakuda, yodzaza mwaye ndi fumbi la bomba, anamenya nkhondo m'makhoti mpaka 2021 kuti boma liwavomereze ngati opulumuka. Palinso funso lakuti kodi zimene zinachitikira munthu wolandira cheza chonse m'kuphethira kwa diso n'zofanana ndi za munthu wolandira pang'onopang'ono zaka 30 kuntchito. Kafukufuku wina wotchedwa INWORKS, wa anthu pafupifupi 310,000 ogwira ntchito zanyukiliya ku France, Britain ndi America, mu 2023 anapeza kuti nakonso khansa imakwera, ngakhale pa miyezo yaing'ono.

Pali bowo lina limene likutikhudza ife a kuno. Gawo lalikulu la uranium imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba oyambawo linachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, kungodutsa malire a Zambia. Mu 1940 mkulu wa kampani ya Abelgium, Edgar Sengier, anatumiza matani oposa 1,000 a miyalayo ku New York, n'kuisunga m'nyumba yosungiramo katundu. Amuna amene ankakumba ndi kusankha miyala imeneyi ndi manja analibe koseki. Palibe amene anawafunsa kuti munaima pati, palibe amene anawatsatira zaka 70. Ku Hiroshima anthu anapimidwa osachizidwa, ku Katanga ngakhale kupimidwa komweko kunalibe.

Mwina mukufunsa kuti zikutikhudza bwanji ife amene bomba sitinalione. Mukadzapita kukajambulitsa X-ray, mudzaone kuti wojambulayo amabisala kuseri kwa khoma asanadine batani, ndipo pamalaya pake pamayenera kukhala kabaji koyeza cheza chimene walandira. Malire amene bungwe la padziko lonse loona za chitetezo chimenechi, ICRP, limalangiza ndi ma millisievert 20 pachaka kwa wogwira ntchito ndi imodzi yokha kwa anthu wamba, kuwonjezera pa zachilengedwe ndi zakuchipatala. Maziko aakulu a manambala amenewa ndi gulu lija la anthu 120,000. Dokotala akamayerekeza ngati CT scan ya mwana ili yoyenera, akugwiritsa ntchito zimene zinaphunziridwa pa anzake a Sadako.

Opulumuka anayamba kulandira chithandizo cha boma lawo mu 1957, ndipo chinawakankhira patsogolo ndi tsoka lina: mu March 1954 phulusa la bomba limene America inayesa ku Bikini linagwera asodzi a m'boti la Daigo Fukuryu Maru, mmodzi n'kumwalira, dziko lonse la Japan n'kukwiya. Mu 1975 ABCC inasinthidwa kukhala Radiation Effects Research Foundation, yoyendetsedwa ndi maiko awiriwo limodzi. Mu 2017, pa mwambo wokumbukira zaka 70, wapampando wake Ohtsura Niwa anaima pamaso pa opulumuka n'kupepesa chifukwa cha mmene anawachitira m'zaka zoyamba. Mu 2024 bungwe la opulumukawo, Nihon Hidankyo, linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Mu March 2025 opulumuka olembetsedwa anatsika koyamba kufika pansi pa 100,000, ndipo zaka zawo zinali 86 pa avereji. Otsalawa ndi amene anali ana mu 1945, gulu lomwe lija lokhudzidwa kwambiri, ndiye mutu womaliza wa kafukufukuyu sunalembedwe.

Sabata yotsatira ndinabwerera m'kalasi ndi pepala langa. Ndinalemba pabolodi 22,538, pansi pake 992, n'kufotokoza zonse mmene ndikanathera m'mphindi 40. Mtsikana uja anakopera mosamala. Atamaliza anakwezanso dzanja. "Aphunzitsi, mwa 22,538 amenewo, 992 aja ndi ati?"

Ndinamuuza zoona, kuti kafukufukuyu sangathe kuloza ngakhale mmodzi. Amadziwa kuti alipo 992, koma mayi wa ku Nagasaki amene anadwala khansa ya m'mawere mu 1980 sakanauzidwa ngati ali mwa iwo kapena mwa enawo. Mtsikanayo anayang'ana pabolodi kwa kanthawi, analemba kenakake m'mphepete mwa kope lake, belu n'kulira.